Matayala a all-terrain pa pikiapu ya injini yaing'ono: kodi abweza ndalama yake?

Funso: Alangizi, ndili ndi pikiapu ya petulo ya injini ya malita 2.0, ndipo ndiyo imandidyetsa chifukwa ndimanyamulira anthu katundu. Matayala anga a 205/70R15 atha. Maulendo ambiri ndimayenda pa tala, koma ena amandilowetsa m'misewu ya miyala ndi matope kumene matayala andibookera kangapo. Wogulitsa akuti ndigule a all-terrain a 235/75R15 poti ndi olimba komanso galimoto idzakwera m'mwamba. Mnzanga akuti matayala olemera chonchi adzafooketsa injini ndi kundithera mafuta. Ndimvere ndani?

Yankho: Achimwene, mnzanuyo akunena zoona kuti galimoto idzafooka, koma wasonya chala pa chinthu chaching'ono. Pa matayala amene akufuna kukugulitsaniwo, kulemera kuli ndi mbali yake, koma chimene chidzakudyereni ndalama kwambiri ndi kukula kwake.

Tiyambe ndi kulemerako. Tayala la all-terrain limakhala ndi mano akuya, mphira wambiri ndi m'mbali mokhuthala, choncho limaposa la pa tala ndi makilogalamu angapo. Tiyerekeze kuti lililonse likuposa lakale ndi makilogalamu 5. Matayala anayi ndiye kuti makilogalamu 20. Koma tayala silingonyamulidwa ngati katundu wa kumbuyo, injini imayeneranso kulizunguza, ndipo kulemera kumene kuli kunja kwenikweni kwa tayala kumavutitsa injini pafupifupi kawiri ponyamuka ndi powonjezera liwiro. Tinene kuti makilogalamu 20 aja akumveka ngati 40. Sanafike ngakhale thumba limodzi la makilogalamu 50, pa galimoto imene ikadzaza imaposa matani awiri. Mudzamva ndithu kuti yayamba kunyamuka mwaulesi, makamaka poyenda moima-ima, koma zikanakhala zokhazo sindikanakuletsani.

Tsopano onani manambala ali pa tayala. Pa 205/70R15, nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ikutanthauza kuti m'mbali mwake ndi motalika magawo 70 pa 100 a m'lifupimo, ndipo 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Mukawerengera bwino, tayala lanu lakale ndi lalitali mamilimita 668 kuchoka pansi kufika pamwamba. La 235/75R15 limafika pafupifupi 734. Kusiyana kwake ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Magiya a galimoto yanu anawakonza molingana ndi tayala la 668 lija. Tayala likatalika, mphamvu yomweyo ya injini imakankha msewu mofooka, ndipo apa mutaya magawo pafupifupi 9 pa 100 a mphamvu yokankhira pa giya iliyonse, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza.

Mwini galimoto ya dizilo ya injini yaikulu akhoza osazimva kwenikweni, chifukwa ali ndi mphamvu yotsala. Inu mulibe yotsala. Injini yaing'ono ya petulo imatulutsa mphamvu yake ikamazungulira mothamanga, pamene tayala lalitali limaikakamiza kuzungulira pang'onopang'ono pa liwiro lomwelo. Chitunda chimene munkakwera ndi giya 4 chidzafuna 3. Giya 5 mutadzaza katundu idzakhala yogwira ntchito pamalo athyathyathya pokha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ponyamuka pa chitunda galimoto italemedwa: mudzayamba kugwira klatchi theka kwa nthawi yaitali kuti injini isazime, ndipo klatchi yotere siikhalitsa. Mabuleki nawonso amalimbana ndi tayala lalitali ndi lolemera, motero mtunda woimira umatalika ndipo amatha msanga.

Pali china chimene anthu a bizinesi yanuyi ambiri sachiganizira. Galimoto imawerenga liwiro ndi mtunda potengera mmene matayala akuzungulira. Tayala lalitali limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, koma galimoto siidziwa kuti mwasintha. Speedometer ikamaonetsa 80, inu mudzakhala mukuthamanga pafupifupi 88, ndipo apolisi apamsewu sadzamva zoti vuto ndi matayala. Ulendo wa makilomita 110 udzalembedwa ngati 100. Ngati mumalipiritsa makasitomala potengera makilomita amene galimoto yawerenga, ndiye kuti pa ulendo uliwonse wotere makilomita 10 mwawanyamulira ulere, mafuta ake mutagula nokha. Ngakhale nthawi yosintha oyilo idzakupitirirani osadziwa.

Za mafuta, musayembekezere kuti ndikupatseni nambala imodzi, chifukwa zimatengera tayala, katundu ndi phazi la woyendetsa. Koma kumene zimalowera n'kodziwika. Mano akuluakulu amapindika ndi kutentha akamagunda tala, ndipo mphamvu imene ikupita pamenepo ikuchokera mu thanki yanu. Tayala lotambalala komanso galimoto yokwera m'mwamba zimalimbana kwambiri ndi mphepo. Kuti muone kukula kwake, tengani chitsanzo ichi n'kuikamo manambala anu. Galimoto imene imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, ikamayenda makilomita 2,000 pa mwezi imamwa malita 200. Ikatsika n'kufika pa makilomita 9.5 pa lita, imamwa malita oposa 210. Pa chaka ndi malita oposa 120 owonjezera. Chulukitsani ndi mtengo wa lita, kenako ndi zaka zimene matayalawo adzakhale, muphatikize pa mtengo wogulira. Umenewo ndiye mtengo weniweni wa matayalawo, osati umene walembedwa pa risiti.

Kulemera kuja kumabwereranso pa zitsulo za kunsi. Tayala lolemera likagunda dzenje limamenya mwamphamvu mashoko, mabering'i ndi zolumikizira za chiwongolero, zomwe anazipangira tayala lopepuka. Sizithyoka tsiku lomwelo, zimangoyamba kukupititsani kwa makaniko pafupipafupi.

Musamve ngati ndikunyoza matayala a all-terrain. Kubooka kwa tayala kumene mwatchulako nakonso ndi ndalama, ndipo nthawi zina ndi yambiri kuposa ya mafuta. Tayala long'ambika m'mbali silimatika, limatayidwa ngakhale mano ake akadali atsopano. Onjezerani tsiku lotayika, katundu wofika mochedwa, ndalama yolipira okukankhani m'matope, ndi kasitomala amene mawa adzaitana wina. Ngati misewu yoipayo ndiyo imakupatsani ntchito zolipira bwino chifukwa anzanu amaikana, tayala lolimba ndi chida cha ntchito ndipo liyenera kugulidwa. Tsegulani kabuku kanu ka maulendo muone miyezi 12 yapitayi: ndi maulendo angati analowa m'miyala ndi m'matope, anabweretsa ndalama zingati, ndipo matayala owonongeka anakutherani zingati. Ngati maulendo oterewa ndi apatalipatali, tayala labwino la pa tala la galimoto zonyamula katundu, lija lokhala ndi chilembo C kumapeto kwa saizi yake, likukwanirani. Limalira pang'ono, limamwa mafuta ochepa, ndipo kawirikawiri limaima bwino pa tala yonyowa kuposa la mano akuluakulu.

Ngati kabukuko kakuonetsa kuti misewu yoipa ndi gawo lalikulu la ntchito yanu, gulani all-terrain, koma a saizi imene fakitale inalemba pa kapepala kali pa felemu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Mukatero mupeza mano ogwira ndi kulimba kumene mukufuna, magiya anu ndi speedometer zili momwe zinalili. Saiziyo ikasowa, musapitirire magawo 3 pa 100. Mwachitsanzo 215/70R15 ndi lalitali mamilimita 682, kusiyana kwa magawo 2 okha, ndipo injini yanu ikhoza kupirira. Kukwera m'mwamba kumene wogulitsa akukunyadirani ndi theka chabe la kusiyana kwa kutalika kwa matayala, ndiye kuti pa 235/75R15 ndi masentimita atatu ndi pang'ono. Ine sindingagulitse gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya galimoto yonyamula katundu chifukwa cha masentimita atatu. Komanso tayala lalikulu chonchi likhoza kumakhula m'mbali mukakhota kwambiri kapena mukadzaza, ndipo rimu yanu ikhoza kukhala yopapatiza kwa ilo.

Musanapereke ndalama, yang'anani nambala imene imatsatira saizi, chifukwa ndiyo imanena katundu amene tayala limodzi lingasenze. Nambala 96 ndi makilogalamu 710, 100 ndi 800, 106 ndi 950. Alipo matayala a all-terrain ooneka aukali koma opangidwira galimoto zonyamula anthu, ndipo nambala yawo imakhala yotsika kuposa ya tayala wamba la C. Musatsike pansi pa nambala imene fakitale inalemba. Musapitenso mbali inayo n'kugula a 10PR (nambala ya PR imasonyeza kulimba kwa tayala posenza katundu) pamene 6PR kapena 8PR akukwanira katundu wanu, chifukwa kukhuthala koposa muyeso ndiko kumabweretsa kulemera kwambiri ndi kugwedeza galimoto ikakhala yopanda katundu. Onaninso manambala anayi omaliza pa chidindo cha DOT chimene chili m'mbali mwa tayala, poti ndiwo amanena nthawi imene linapangidwa: 2423 akutanthauza sabata ya 24 ya chaka cha 2023. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisanayendepo.

Mukasintha saizi ngakhale pang'ono, sipeya nayo ilowe mu bajeti, chifukwa matayala osiyana kutalika pa ekiselo imodzi amavutitsa difu, chipangizo chogawira matayala awiriwo mphamvu ya injini. Mukangoika atsopanowo, dzazani thanki, lembani makilomita pogwiritsa ntchito GPS ya pa foni m'malo modalira galimoto yokha, ndipo muchite zimenezi pa mathanki atatu kapena anayi. Mafuta akaoneka kuti akwera, kwezani mtengo wa maulendo a m'misewu yoipayo, poti ndi amene afunitsa matayala amenewa.