Mwana akuponya mwamphamvu koma mpira sukukhota

Bambo wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa zaka 13 amaponya mpira wa kiriketi mwamphamvu ndithu, koma umangopita chindunji ndipo omenya akumuchapa mmene akufunira. Akufunsa ngati amulimbikitse liwiro kapena ayambe kumuphunzitsa swing, kutanthauza kukhotetsa mpira mlengalenga.

Bambo, za liwiro musade nazo nkhawa. Mapewa akamakhwima lidzabwera lokha. Dzanja ndiye silidziphunzitsa lokha.

Mpatseni mpira watsopano, aike chala cholozera ndi chapakati m'mbali mwa msoko, chala chachikulu pansi. Msoko uyime chilili, wopendekera pang'ono ku slip (malo a wogwira mpira kumbuyo kwa womenya, chakumbali imene womenyayo wayang'ana) ngati akufuna mpira uthawe womenya. Mbali yosalala ikhale kumene sakufuna kuti mpira upite, chifukwa umakhotera ku mbali yokhakhala. Poponya, dzanja likhale kumbuyo kwa mpira mpaka zala ziutsetsereke. Likapindika ngakhale pang'ono, msoko umagwedezeka mlengalenga, basi, zonse zathera pomwepo.

Ine ndimakonda kutenga mpira wa tenisi n'kuumata tepi mbali imodzi. Ana amaona ndi maso awo ukukhota, amayamba kufunsa okha kuti zikutheka bwanji. Mpira wa mitundu iwiri nawonso umathandiza: ngati mitunduyo ikusakanikirana mpira ukuuluka, dzanja lalakwitsa.

Chovuta ndi ichi: kuti mpira ukhote ayenera kuuponya kuti ukagwere pafupi ndi womenya, ndiye masiku oyamba adzamenyedwa kwambiri. Mukamukalipira, adzayamba kuugwetsera pakati pa pitchi podziteteza, swing osaionanso. Mlekeni amenyedwe. James Anderson wa ku England, amene anasiya kusewerera dziko lake mu 2024 atatenga mawiketi 704 (kutulutsa omenya) m'masewero a Test, omwe ndi a masiku angapo a pakati pa mayiko, sanali woponya wothamangitsa kuposa onse. Chimene chinkasautsa omenya ndi msoko wake woima nji.

Adzakufunsani za reverse swing, pamene mpira umakhotera ku mbali yosalala, imene akatswiri a ku Pakistan Wasim Akram ndi Waqar Younis anatchuka nayo. Muuzeni adikire, imeneyo imafuna mpira wakale ndi liwiro limene iye alibe.

Pakupukuta, thukuta ndi thalauza zakwana. Malovu bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse la ICC linawaletseratu mu 2022, ndipo kukanda mpira ndi kuba. Nkhani yokanda mpira ndi sandipepa ku Cape Town mu 2018 inakhazika osewera a ku Australia Steve Smith ndi David Warner pansi chaka chathunthu.

Mundilemberenso pakatha miyezi iwiri, mundiuze ngati msoko wayamba kuima.