Nthochi za Kabuthu M'dera Lozizira

Funso: Kuno ku Dedza nthochi zanga za kabuthu zimaima kukula mu June ndi July, mkoko nkumatuluka wopinimbira. Nditani?

Yankho: Bambo, kutentha kukatsika pansi pa madigiri 14, nthochi imaleka kukula. Kabuthu amavutika kwambiri: mkoko umakanirira pakhosi pa thunthu.

Bzalani kumpoto kwa khoma la nyumba, komwe dzuwa limawomba tsiku lonse m'nyengo yozizira ndipo mphepo ya mwera siifika. Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya, muthiremo ndowa ziwiri za manyowa owolerana. Bzalani mvula ikangoyamba. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde.

Kukazizira chepetsani madzi, mizu imawola m'dothi lonyowa. Paphata siyani mayi ndi ana awiri okha, a masamba osongoka.