Mapepala a pa Mwami: wolemba ndi wina, wodinda ndi wina

Amayi, mwafunsa kuti mukamatumiza matumba a nyemba ku Malawi kuchokera ku Zambia kudzera pa boda ya Mwami, mapepala amalemba ndi a boma kapena anyamata oima pageti aja. Katundu akakhala wambiri, a ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, sakulemberani. Ntchitoyo ili m'manja mwa ma ejenti omwe ZRA inawapatsa laisensi. Ejenti ndiye amalowetsa zonse mu kompyuta ya ASYCUDA World: TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho), invoisi, kulemera kwa katundu, mtengo wake ndi HS code (nambala yosonyeza mtundu wa katundu). Ofesala amangofananitsa zolembedwazo ndi zomwe zili m'galimoto, n'kuloleza. Boma limapuma pa malipiro a makalaliki ndipo mzere umayenda, koma dziwani kuti kalalikiyo tsopano mukumulipira ndinu.

Ngati katundu wanu sakupitirira madola 2,000, kulemba ejenti n'kutaya ndalama. Pitani pa desiki ya TIDO, ofesala wothandiza amalonda pa boda, mufunse za STR, njira yachidule ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Amakuthandizani kulemba fomu yachidule, bola katunduyo akhale wolimidwa kapena wopangidwa kuno ndipo akhale pa mndandanda womwe Zambia ndi Malawi anagwirizana. STR imachotsa dyute yokha. VAT, pa katundu amene amalipiritsidwa, imakhalapobe, ndipo ambiri amakangana pawindo chifukwa anamva kuti zonse n'zaulere.

Poterera ndi apa. Ejenti akalakwitsa HS code, kapena akalemba matumba 180 pomwe m'galimoto muli 200 kuti akusangalatseni, katundu wogwidwa ndi wanu, TPIN yodetsedwa ndi yanu. Enanso alibe laisensi n'komwe, amabwereka akaunti ya mnzawo, ndipo zikavuta foni imazima. Choncho funsani dzina la kampani, onani ofesi yake, werengani pepala la asesimenti, losonyeza msonkho woti mulipire, musanatulutse ngwee. Ndalama ya msonkho ikhale payokha ndi lisiti lake, ya ejenti payokha. Wokuuzani kuti "mungondipatsa zonse pamodzi" musiyeni.

Zina ejenti sangakudindireni ngakhale atalonjeza. Satifiketi yoti mbewu zilibe tizilombo imachokera ku PQPS, nthambi ya boma yoona za matenda ndi tizilombo ta mbewu, ndipo amayamba ayendera katunduyo; akapeza anankafumbwe, mubwerera kukathira mankhwala. Chilolezo chotulutsa mbewu m'dziko chimachokera ku unduna wa zaulimi, ndipo boma likatseka, ngati momwe linatsekera chimanga pa chilala cha 2024, palibe ejenti angatsegule. Wogula wanu ku Lilongwe nayenso akhale ndi chilolezo cholowetsera. Zonsezi zikhale m'manja musanakweze thumba loyamba ku Chipata, chifukwa mwini galimoto amawerenga tsiku lililonse logona pa boda.

Kuyambira Disembala 2022, Mwami ndi Mchinji, mbali ya Malawi, ndi boda yoima kamodzi, ndiye njira za zalewa zozembera boda sizikupindulitsanso monga anthu amaganizira. Mukadzafuna kuyesa msika wa ku Tete, ku Mozambique, kudzera pa boda ya Chanida, STR ya COMESA muiiwale: Mozambique si membala wa COMESA.