Madzi m'matayala kapena zitsulo? Yankho kwa achimwene a thirakitala ya ku Khombedza

Achimwene, funso lanu taliona. Mwati muli ndi Massey Ferguson 240 yokoka ndi matayala akumbuyo okha, mumalima ndi pulawo ya madisiki atatu cha ku Khombedza, ndipo matayala akumbuyo akungopalasa pamodzimodzi, pomwe mutu wa thirakitala ukumadzuka mukanyamula pulawo. Ndiye mwafunsa ngati muthire madzi m'matayala kapena mugule zitsulo zolemeretsa, komanso ngati n'zoona kuti m'madzimo amathiramo mchere.

Mavuto mwatchulawa ndi awiri, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Kupalasa kumafuna kulemera kumbuyo. Kudzuka kwa mutu kumafuna kulemera kutsogolo. Madzi a m'matayala akumbuyo sangatsitse mutuwo ngakhale pang'ono, chifukwa kulemera kwake kumathera pansi pa tayala pomwepo.

Koma musanataye ndalama, yambani mwaona zinthu zosalira tambala. Mano a tayala akatha n'kusalala, thirakitala idzapalasabe ngakhale mutaisenzetsa chotani. Onaninso ngati matayala sanavekedwe chotembenuza pomwe ankamata chubu: pamwamba pa tayala, nsonga ya mano aja, yooneka ngati V, iyenera kuloza kutsogolo. Kenako mpweya. Ambiri amapopa tayala lakumbuyo mpaka 30 psi (muyezo wa mpweya pa geji) ngati la galimoto yaing'ono, ndiye limauma gwa, n'kumagwira nthaka ndi mano awiri okha. M'munda tayala la saizi imeneyi limafuna pakati pa 12 ndi 16 psi. Mukatsika kupitirira 12, tayala limakwinyika m'mbali, nthawi zina limatsetsereka pa rimu n'kuzula valavu ya chubu. Chomaliza, pa Massey pali zogwirira ziwiri za hayidiroliki. Polima gwiritsani ntchito ya draft control (yosintha kuya kwa pulawo malinga ndi kulimba kwa nthaka), chifukwa ndi imene imatenga kulemera kwa pulawo ndi dothi n'kukusenzetsa matayala akumbuyo. Mathirakitala ambiri omwe eni ake amati ndi opepuka, vuto limakhala pamenepa.

Zimenezi zikakhala bwino, yezani kupalasako ndi manambala, osati ndi maso. Lembani chizindikiro ndi choko m'mbali mwa tayala lakumbuyo. Dalaivala alime monga mwa masiku onse, giya yomweyo, kuya komweko. Munthu wina aziyenda pambali, akhome chikhomo pomwe choko chagunda pansi, awerenge tayala likazungulira maulendo 10, akhomenso china. Yezani mtundawo ndi tepi. Bwerezani pafupi pomwepo pulawo ili m'mwamba. Tayala la 12.4-28 likazungulira maulendo 10 popanda katundu limayenda pafupifupi mamita 37. Tiyerekeze kuti polima mwapeza mamita 30. Chotserani 30 pa 37, atsala 7. Gawani 7 ndi 37, muchulukitse ndi 100, mupeza 19 peresenti. Thirakitala yokoka ndi matayala awiri imayenera kupalasa pakati pa 10 ndi 15 peresenti, yokoka ndi anayi pakati pa 8 ndi 12. Ndiye pa 19 mukuwotcha dizilo ndi matayala pachabe, kulemera kukufunikadi. Mukapeza mamita 33, imeneyo ndi 11 peresenti, musawonjezere kanthu.

Muone kuti sitinanene kuti kupalasa kutheretu. Kupalasa pang'onoko ndi kumene kumapulumutsa makina. Pulawo ikakola chitsa kapena mwala, tayala limayenera kuterereka. Likakana kuterereka chifukwa mwalemeretsa mopitirira, mphamvu yonse imakathera ku kalatchi, ku magiya ndi ku ekiselo, ndipo zimenezo mtengo wake suyerekezeka ndi wa tayala. Mapazi a tayala nawo amanena zoona. Mano akadinda bwinobwino m'dothi ngati chidindo, thirakitala yalemera kwambiri. Akafufutika onse n'kungotsala dothi lotakasika, yapepuka. Pofunika ndi pomwe mano akuoneka koma dothi la pakati pake lasweka pang'ono.

Tsopano za madzi, poti ndiwo otchipa. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo tayala timalidzaza magawo atatu mwa anayi, osapitirira. Pa muyezo umenewo, la 11.2-28 limalowa malita pafupifupi 100, la 12.4-28 pafupifupi 130, la 13.6-28 pafupifupi 160, la 14.9-28 pafupifupi 200. Werengani nambala yomwe ili m'mbali mwa tayala lanu. Ngati ndi 12.4-28, matayala awiri akupatsani makilogalamu 260, ndipo migolo iwiri ya malita 200 ikwana n'kutsalako. Ubwino wa madzi ndi woti amakhala pansi, sasenzetsa ekiselo katundu, komanso amathandiza kuti thirakitala isapendeke msanga pamalo otsetsereka.

Kathiridwe kake n'kotere. Imikani thirakitala pamalo olimba ndi athyathyathya, osati pamchenga, muike miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala enawo. Kwezani mbali imodzi ndi jeke mpaka tayala litangosiya nthaka, kenako muike zipika zolimba pansi pa ekiselo. Jeke yokha musaikhulupirire, ndipo njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Zungulizani tayala kuti valavu ikhale pamwamba penipeni, pomwe pamakhala 12 pa wotchi. Masulani kamtima ka valavu mpweya utuluke wonse. Machubu ambiri a thirakitala ali ndi valavu ya zigawo ziwiri: chigawo chakunja chimamasuka chonse n'kusiya bowo lalikulu lolowera madzi. Pali kachitsulo kolumikizira payipi ku valavu, kokhala ndi kabatani kotulutsira mpweya, kamapezeka m'masitolo a zipangizo za mathirakitala. Mukakasowa, payipi yaing'ono yothina pa valavu yomangidwa ndi mphira imagwira ntchito, kungoti muzichita kuichotsa pafupipafupi.

Chifukwa chochotsera n'choti madzi akamalowa, mpweya wa m'kati umapanikizika n'kuyamba kuwakankha. Mukaona madzi aima, si kuti tayala ladzaza. Tsekani madzi, tulutsani mpweya mpaka kulira kuthe, mupitirize. Ndi pampu yaing'ono ntchito imathamanga. Ndi mgolo woikidwa pamwamba, mamita awiri kapena atatu, madzi amalowa okha koma mudekhe, tayala limodzi litha kudya ola lathunthu kapena kuposa. Mukachotsa payipi n'kuona madzi akubwerera pa valavu ili pamwamba pomwepo, mwafika. Asiyeni otsalawo atuluke okha mpaka asiye. Bwezerani kamtima, popani mpweya, tsitsani jeke, kenako yezaninso mpweya thirakitala itaponda pansi. Mpweya wake ndi womwe uja wa 12 mpaka 16 psi, madzi sasintha nambala. Chitani chimodzimodzi ku tayala linalo, madzi ofanana mbali zonse.

Gawo lotsala la mpweya lija musaliderere. Madzi safinyika. Tayala lodzaza mpaka pakamwa likagunda chitsa lilibe pothawira, ulusi wa m'kati umaduka kapena limaphulika kumene. Komanso poti mpweya watsala wochepa, kutuluka pang'ono kokha kumatsitsa psi kwambiri, choncho muziyeza sabata iliyonse, m'mawa kusanatenthe. Dzuwa la kuno ku Salima mu Okutobala limakweza mpweya masana, mungayeze n'kumati zili bwino pomwe tayala ndi lofewa. Poyeza valavu ikhale pamwamba, muyambe mwafinya kamtima kamodzi kuti timadzi ta pakamwa tituluke, apo ayi geji yanu ichita dzimbiri.

Za mchere, musathire. Zimenezo zinachokera kumayiko ozizira kumene madzi amauma n'kukhala ayezi m'tayala, ndiye amasungunuliramo mchere wotchedwa calcium chloride kapena kuthiramo antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana. M'mbali mwa nyanja muno madzi saundana ngakhale mu Juni. N'zoona kuti mchere umawonjezera kulemera, koma chubu chikangodontha pang'ono, rimu imadyeka ndi dzimbiri kuyambira pa bowo la valavu, ndipo rimu ya thirakitala kuipeza n'kovuta. Antifreeze ndi poizoni, tayala likaboola m'munda mbuzi ndi agalu amanyambita chifukwa amatsekemera. Madzi oyera basi. A m'nyanja kapena a mumtsinje asefeni ndi nsalu, chifukwa kamchenga kamodzi kakakhala pa kamtima valavu imayamba kudontha. A pamjigo woti amamveka mchere mkamwa asiyeni. Ngati tayala ndi la tubeless (lopanda chubu), chanzeru n'kuikamo chubu kaye kuti madzi asakhudze chitsulo. Ndipo kwa anzathu omwe ali ndi matayala a radial (ofewa m'mbali, okhala ndi R pa nambala yake), madzi ambiri amaumitsa m'mbali mwake n'kuchotsa ubwino womwe munagulira. Amenewo amayenda bwino ndi zitsulo.

Tibwere kumutu wodzuka uja, chifukwa apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Pulawo ikanyamulidwa, ekiselo yakumbuyo imakhala ngati pakati pa sikelo. Titenge pulawo ya makilogalamu 350 yomwe pakati pa kulemera kwake pali mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo, ndipo matayala akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana pafupifupi mamita 1.9. Chulukitsani 350 ndi 1.2, mugawe ndi 1.9: mutu wapepuka ndi makilogalamu 220. N'chifukwa chake chiwongolero chimangoyandama pokhota kumapeto kwa munda. Lamulo lake n'loti pulawo ili m'mwamba, matayala akutsogolo asenze gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera konse, osachepera apo. Madzi m'matayala akutsogolo sathandiza kwenikweni, la 6.00-16 limalowa malita 23 okha. Chofunika ndi chitsulo chokolekapo zolemera chomangidwa pamphuno, ndi zitsulo zake zija zooneka ngati masutikesi. Poti zimakhala kutsogolo kwa ekiselo, kilogalamu iliyonse imagwira ntchito yoposa kulemera kwake. Yambani ndi makilogalamu 80 mpaka 100, yesani kukwera kamtunda pang'onopang'ono pulawo ili m'mwamba, muwonjezere ngati chiwongolero chikupepukabe. Mukachulutsa, chiwongolero chimauma, mabering'i ndi mapini akutsogolo amatha msanga.

Ngati ndalama ya zitsulo palibe, wowotcherera waluso atha kukupangirani bokosi lachitsulo lomangidwa ndi mabawuti pa mabowo omwe alipo kale pamphuno, inu n'kuthiramo konkire. Lita imodzi ya konkire imalemera makilogalamu 2.4, ndiye bokosi la malita 40 likupatsani pafupifupi 96, osawerengera chitsulo. Lisatseke mphepo yopita ku rediyeta kapena kuphimba nyali. Chomwe tikukupemphani ndi mtima wonse n'choti musakhazike munthu pa boneti kapena pa pulawo kuti akhale cholemeretsa. Thirakitala ikadumpha pamzere, amagwera pansi pa tayala. Matumba a mchenga omangidwa ndi linya nawonso amagwa n'kukola chiwongolero.

Zitsulo za m'matayala akumbuyo zibwere pomaliza, mukathira madzi n'kuyezanso n'kupeza kuti mukadali pamwamba pa 15 peresenti. Zambiri zimalemera makilogalamu 40 mpaka 50 chimodzi, zimamangidwa pa mabowo a pa mbale ya rimu. Gulani zogwirizana ndi mabowo anu, musaboole rimu kapena kuwotcherera pa rimu tayala lilipo, kutentha kumaphulitsa tayala. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 pamutu, muwamangenso mukalima maola awiri kapena atatu oyamba, chifukwa chitsulo chogwedera chimakulitsa mabowo mpaka mbale kung'ambika. Ponyamula mukhale awiri. Thirakitala yonse pamodzi ndi zolemeretsa isapitirire makilogalamu 50 mpaka 60 pa hosipawa iliyonse ya mphamvu ya injini, komanso katundu yemwe walembedwa m'mbali mwa tayala. Polima ndi pulawo, tayala lakumanja limayenda mumzere n'kusenza zambiri, lakumanzere ndilo limayamba kupalasa. Pondani diff lock (chopondera chomangiriza matayala akumbuyo kuti azungulire limodzi) likayamba, muisiye musanakhote. Ena amawonjezera chitsulo chimodzi kumanzere kokha nthawi yolima, ndipo zimathandiza.

Zonsezi ndi za kulima makande ouma a Seputembala mpaka mvula yoyamba. Mukatengera thirakitala yomweyo m'minda ya mpunga ngati ya ku Lifuwu kapena ku Bua madzi atalowa, kulemera kumasanduka mdani, imatitimira mpaka pamimba. M'matope mumafunika matayala achitsulo a keji, zitsulo zakumbuyo zitachotsedwa. Pa dothi lonyowa la kumtunda, thirakitala yolemera imatsendereza nthaka pansi pa pomwe pulawo imafika, mizu ya chimanga n'kumapindika, madzi n'kumadikha. Pamchenga wa kufupi ndi nyanja chimathandiza kwambiri ndi kutsitsa mpweya kufika pa 12 psi, osati kuwonjezera katundu. Ndipo ikatitimira, chingwe chokokera chimangidwe pa drawbar (chitsulo chokokera ngolo) pansi, osati pa top link (mkono wapamwamba wolumikiza pulawo) kapena pa ekiselo, chifukwa thirakitala yogwira nthaka mwamphamvu imatembenuzika chagada m'kuphethira kwa diso.

Pa msewu wa M5 mukamakoka ngolo ya mtedza kapena mpunga, kumbukirani kuti madzi amakhuvuka m'tayala ndipo mabuleki akuimitsa katundu wochuluka kuposa kale. Lumikizani zopondera mabuleki ziwiri zija, liwiro likhale lochepa, mpweya mukweze kufika cha m'ma 18 kapena 20 psi. Ngati miyezi ingapo ikubwerayi ntchito ndi ya pamsewu yokha, madziwo atulutseni.

Kutulutsa n'kosavuta: jeke ndi zipika monga poyamba, valavu pansi penipeni, masulani kamtima mutaima pambali chifukwa amatuluka mwamphamvu. Akasiya, popani mpweya pang'ono kuti ukankhe otsala. Malita angapo amatsalira m'munsi mwa valavu, amenewo mumawakoka ndi kapayipi kopyapyala kolowetsa pa bowo la valavu mpaka pansi. Tayala likaboola, chitani zimenezi musanamasule nati ngakhale imodzi. La 12.4-28 lokhala ndi madzi, pamodzi ndi rimu yake, limaposa makilogalamu 200, ndipo likayamba kupendeka anthu awiri sangaligwire.