Pitani ndithu, koma musaiwale kope ndi jekete

Achemwali, mwafunsa ngati kumvera nyimbo ndi kupita kukaonera oyimba m'nyengo yozizira ino sikungakusokonezeni pa maphunziro anu olemba nthano ndi ndakatulo. Ine ndikuti pitani.

Kuno ku Dedza, mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, chifunga n'kukuta phiri m'mawa wonse. Madzulo ndimakhala pafupi ndi mbaula, wailesi pambali, kope pamwendo, n'kumatchera khutu pomwe woyimba wapumira. Kudula mzere wa ndakatulo ndinaphunzirira pamenepo.

Kuchokera kuno kukafika ku Lilongwe kokaonera oyimba ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Nyamukani dzuwa likadalipo ndipo konzeranitu pogona, chifukwa kukada minibasi zobwerera zimasowa. Ine ndinachezerapo pa depoti ndi juzi imodzi, zala zitauma moti cholembera sichimagwirika.

Mukafika musangoyang'ana oyimba okha. Onani mayi wootcha chimanga pageti, mverani mikangano ya pamzere wa matikiti, lembani pomwepo. Musungekonso ya thiransipoti yopitira ku Tumaini Festival, chikondwerero cha nyimbo ndi zaluso, ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Inayamba mu 2014, kulowa ndi kwaulere, ndipo alakatuli nawonso amapatsidwa mpata.