Apampando Akuti Mapulogalamu Aulere Ali Ngati Chamba

Mphunzitsi wina wa pa sekondale yoyendera wandilembera imelo. Sukulu yawo yalandira makompyuta akale kuchokera kwa akufuna kwabwino, ndipo iye akufuna kuikamo Linux (pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) ndi LibreOffice (yaulere yogwira ntchito ngati Microsoft Office) popeza ndalama zogulira malaisensi palibe. Apampando a komiti ya sukulu akana, ati zaulere zili ngati chamba: lero akusutitsa osalipira, mawa wakodwa, mkuja uli m'manja mwa apolisi. Akufunsa kuti awayankhe bwanji.

Aphunzitsi, popeza apampando atchula okha chamba, tiyeni tiyambire pomwepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti maiko analetsa mbewuyi madokotala atafufuza n'kugwirizana kuti ndi yoopsa, pamene sizinayende choncho. M'chaka cha 1894 bungwe lomwe boma la Britain linakhazikitsa ku India linatulutsa lipoti litamva maumboni a anthu oposa 1,000, ndipo linapeza kuti kusuta kosapyola muyeso sikuwononga kwenikweni, kotero linalangiza kuti boma lizidula msonkho m'malo moletsa. Malangizowa sanapite patali. Boma la azungu ku South Africa linaletsa chamba mu 1922, chaka chotsatira n'kulembera League of Nations, bungwe la maiko la nthawi imeneyo, kuti chiikidwe m'gulu la mankhwala oopsa, ndipo pa msonkhano wa ku Geneva mu 1925 nthumwi za Egypt zinakakamira mpaka chambacho chinalowa m'pangano la maiko. Ku America ntchitoyi anaigwira Harry Anslinger, mkulu wa Federal Bureau of Narcotics, nthambi ya boma yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, kuyambira 1930, yemwe ankafalitsa nkhani za anthu openga ndi okupha anzawo, zambiri mwa izo zoloza anthu akuda ndi ochokera ku Mexico. Pamene aphungu ankakambirana lamulo la 1937, William Woodward wa American Medical Association anadandaula kuti umboni womwe wabwera ndi wa m'manyuzipepala chabe, koma lamulo linadutsabe. Patangotha zaka zisanu, nkhondo itawasowetsa zingwe za sitima zapamadzi, boma lomwelo linapempha alimi kuti adzale chamba chopangira zingwe.

Ife tinalandira manthawo ali opsa kale. N'chifukwa chake pamene Boniface Kadzamira, phungu wa Ntchisi North, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo mu 2015 kunena za chamba cha m'mafakitale, anzake anamuseka, koma mu 2020 nyumba yomweyo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Mbewu inali yomweyo. Chomwe chinasintha n'chakuti anthu anayamba kufunsa kuti tikunena chamba chiti, chochitira chiyani.

Mapulogalamu aulere nawo anali ndi anthu owanenera zoipa, ndipo anthuwo anali ndi malonda oti ateteze. Richard Stallman anayambitsa GNU, ntchito yopanga mapulogalamu aulere, mu 1983, Linus Torvalds n'kutulutsa Linux mu 1991, ndipo pofika 1998 zikalata za mkati mwa Microsoft zomwe zinatulukira poyera zinasonyeza kuti kampaniyo inkaona mapulogalamuwa ngati chiopsezo chenicheni pa msika wake. Mu 2001 mkulu wake, Steve Ballmer, anatcha Linux khansa. Mawu oterewa amayenda ulendo wautali, ndipo akafika pa komiti ya sukulu amakhala atataya dzina la mwini wake, n'kumamveka ngati nzeru za makolo. Mu 2018, pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni, kampani yomweyo inagula GitHub, malo a pa intaneti omwe amasungako mapulogalamu ambiri otseguka (omwe malemba ake aliyense akhoza kuwaona ndi kuwasintha), koma nkhani imeneyi sinafike kwa amene anamva yoyamba ija.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Ndinagwirapo ntchito pa ofesi ina ku Lilongwe komwe bwana anandiletsa kuika LibreOffice, ati safuna zinthu zopanda mwini pa makompyuta a ntchito. Komatu kompyuta iliyonse mu ofesimo inali ndi Office yobedwa, yoikidwa ndi mnyamata wina wa mumsika yemwe ankabwera ndi fulashi yake m'thumba, ndipo ukatsegula Word pamwamba pankatuluka mzere wochenjeza kuti laisensi si yovomerezeka, ife n'kumangodina kuti uchoke. Mmawa wina mayi wa ku akaunti analowetsa fulashi yake kuti asindikize malipiro a mwezi, n'kupeza mafoda onse asanduka timivi, ukadina palibe chotseguka. Anakhala atagwira tsaya, antchito ali pa khomo kufunsa za malipiro, ndipo bwana anatuma dalaivala kukafuna mnyamata yemweyo amene anabweretsa vairasi kuti adzaichotse, n'kumulipiranso. Palibe anatchula zakuba tsiku limenelo. Pulogalamu yomwe laisensi yake imalola poyera kuti uigwiritse ntchito, uikope, uigawire anzako, ndiyo inkaoneka yokayikitsa, pamene yobedwa inali yolemekezeka chifukwa choti tinaizolowera.

Ndipo ngati pali kusutitsa kwaulere kuti munthu akodwe, ndi kumeneku. Bill Gates wa Microsoft mwiniwake, polankhula pa University of Washington mu 1998 za anthu a ku China omwe sankalipira mapulogalamu, ananena kuti ngati akuba, bola azibe za kampani yake, kuti azolowere, ndipo njira yotolera ndalama idzapezeka mtsogolo. Fanizo la apampando ndi labwino, kungoti aliloza kolakwika.

Sindikunena kuti chamba n'chabwino kwa ana asukulu. Kusuta kwambiri munthu akadali wachichepere kumawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo, ndipo kusuta n'koletsedwabe m'Malawi muno. Mapulogalamu otseguka nawonso amakhala ndi zibowo: mu 2014 vuto lotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga a pa intaneti, linaika pangozi makompyuta ambiri a pa intaneti, ndipo mu 2024 munthu wina anabisa khomo lachinsinsi mu xz, pulogalamu yopanikiza mafaelo. Koma khomolo analigwira Andres Freund, yemwe anadabwa ndi kuchedwa pang'ono kwa kompyuta yake n'kutha kutsegula malemba a pulogalamuyo kuti aone chomwe chavuta. Pulogalamu yotsekedwa sikupatsa mlendo mpata wotero.

Nanga muwauze chiyani?

Musawatsutse pagulu, ndipo za Anslinger zisiyeni kuno. Apempheni mwaulemu kuti atulutse foni yawo. Ngati ndi ya Android, mkati mwake muli Linux. Auzeni kuti Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala ndi DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku University of Oslo. Atchulireninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11. Kenako pemphani kompyuta imodzi yokha, muikemo Linux Mint kapena Lubuntu (yonse ndi mitundu ya Linux) yotengedwa pa tsamba la eni ake, muyese ngati printa ya sukulu ikugwira, muonenso ngati silabasi ya Computer Studies ikutchula mapulogalamu ena ndi maina, kuti ana asakadabwe pa mayeso. Laisensi ya pulogalamu yomwe mwaikamoyo muisindikize pa pepala, muiike m'faelo ya komiti.