Kodi wotchi yosonyeza nthawi ya mayiko awiri ndi yofunika kwa munthu wa ku Luchenza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Luchenza, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo tsopano ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Atapita ku Limbe anaona wotchi ya pamkono ya mivi inayi, ndipo wogulitsa anawauza kuti muvi wachinayiwo, womwe unali wofiira, umasonyeza nthawi ya dziko lina. Mtengo wake unali wokwera kuposa wa wotchi inzake yofanana nayo ya mivi itatu. Bambowa ali ndi mwana wamkazi amene ndi namwino ku Manchester, mwana wamwamuna amene ali ku Johannesburg, ndipo iwo eni amapita ku Dar es Salaam kawiri kapena katatu pachaka kukatenga katundu. Funso lawo linali lakuti: "Kodi muvi umenewu ungandithandize, kapena ndi zokometsera chabe, popeza foni yanga imandiuza kale nthawi ya kulikonse?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Muvi umenewo umathandiza munthu amene mtima wake kapena ntchito yake ili pa malo amodzi akutali tsiku ndi tsiku, ndipo phindu lake limakula malinga ndi kuchuluka kwa maola amene akusiyanitsa malo awiriwo. Pa malo atatu amene mwatchula, amodzi okha ndi amene angakupatseni chifukwa chogulira wotchiyo, ndipo ngakhale chifukwa chimenecho n'chochepa poyerekeza ndi mmene wogulitsa uja anakuuzirani.

Ku Joni tisachedweko. Dziko la South Africa lili pa nthawi yofanana ndi yathu chaka chonse, ndipo n'chimodzimodzinso Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe. Munthu akawoloka pa Muloza kupita ku Milange sasintha wotchi, ndipo amene wakwera basi yodutsa ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda mpaka ku Beitbridge amadutsa zipata zitatu za malire wotchi yake ikunenabe zoona. Mwana wanu wamwamunayo akamadya mgonero, inunso mukudya mgonero.

Ku Dar es Salaam kusiyana kulipo, koma n'kwa ola limodzi lokha. Mukangowoloka mlatho wa Songwe n'kufika ku Kasumulu, 10 koloko yanu yasanduka 11 koloko, ndipo pobwera mumabwezeretsa ola lija. Mphunzitsi amene wakhala akuphunzitsa ana kuphatikiza ndi kuchotsera kwa zaka zambiri sangafune muvi wofiira kuti awonjezere ola limodzi. Chimene chimasokoneza Amalawi ambiri kumeneko ndi china, ndipo palibe wotchi imene ingachikonze: m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likamatuluka, choncho dalaivala akakuuzani kuti anyamuka "saa mbili asubuhi" akunena 8 koloko m'mawa, osati 2 koloko.

Tsono tafika ku Manchester, kumene kuli nkhani yeniyeni. Kuti timvane bwino, ndiyambe ndafotokoza mmene muviwo umayendera, chifukwa ogulitsa ambiri safotokoza. Muvi wamba wa maola umazungulira kawiri patsiku, ndipo n'chifukwa chake ukaloza pa 3 sukuuzani ngati ndi 3 koloko masana kapena 3 koloko usiku. Zimenezo mumadziwa poyang'ana kunja. Muvi wachinayi umazungulira kamodzi kokha pa maola 24, ndipo suwerengedwa pa manambala a m'kati mwa wotchi koma pa manambala ena olembedwa pa mkombero wake, oyambira 1 kapena 2 mpaka 24. Ukaloza pa 18 ndiye kuti kumaloko ndi 6 koloko madzulo, ukaloza pa 6 ndiye kuti kukungocha kumene. Mawotchi ambiri a mtundu umenewu ali ndi mkombero wa mitundu iwiri, theka lina loimira usana ndipo lina usiku, kotero kuti diso limaona ngati anzanu ali m'tulo kapena ali maso mutu usanayambe n'komwe kuwerengera.

Mawotchi amenewa amatchedwa GMT, dzina lochokera ku nthawi ya ku Greenwich mu mzinda wa London, malo amene msonkhano wa mayiko wochitikira ku Washington mu 1884 unasankha kuti akhale poyambira kuyeza mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo ya dziko lapansi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo nthawi yathu, yomwe ili patsogolo pa ya ku Greenwich ndi maola awiri, inayezedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Mulanje ali kupyola pang'ono madigiri 35, ndiye dzuwa limatifikira mphindi zoposa 20 wotchi isanaliyembekezere. N'chifukwa chake mu Novembala othyola tiyi amakhala akuona njira bwinobwino 5 koloko itangokwana, ndipo dzuwa limafika paliwombo 12 koloko isanakwane. Muvi wachinayiwo unatchuka chifukwa cha oyendetsa ndege. Kampani ya Glycine inatulutsa wotchi ya maola 24 yotchedwa Airman mu 1953, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1950 Rolex inatulutsa GMT-Master mogwirizana ndi kampani ya ndege ya Pan Am, imene oyendetsa ake ankawoloka nyanja ya Atlantic akufunika kudziwa nthawi ya kumene ali komanso ya ku Greenwich, yomwe ntchito za ndege zinkayendera. Anthu amenewo ankadutsa maola asanu kapena kuposerapo usiku umodzi. Inu ndi mwana wanu mumasiyana ndi ola limodzi kapena awiri basi.

Ndanena kuti limodzi kapena awiri chifukwa ku Britain amasintha mawotchi kawiri pachaka, pamene ife sitisintha. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Okutobala mpaka Lamlungu lomaliza la Malichi, ife timakhala patsogolo ndi maola awiri, ndipo miyezi yotsalayo timakhala patsogolo ndi ola limodzi. Aliyense amene amaonera mpira wa ku England pa Chitakale kapena pa Thyolo Boma amadziwa zimenezi ngakhale sanaziganizirepo: masewero a Loweruka oyamba 3 koloko kwawoko amayamba 4 koloko kuno mu Ogasiti ndi Seputembala, koma pofika Novembala amayamba 5 koloko.

Muvi wofiira uja sudziwa kalendala imeneyi. Umakhala pamene mwauika mpaka mutausuntha nokha, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pamene ndinkagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndinapangana ndi wogula wina wa ku England kuti tiyankhulane pa foni 9 koloko m'mawa nthawi ya kwawo. Unali mwezi wa Epulo. Pamkono panga panali wotchi ya mivi inayi imene ndinkainyadira kwambiri, ndipo muvi wake ndinali nditauika pa nthawi ya ku London mu Januwale. Nditayang'ana, muviwo unali pa 8, ndiye ndinatsikira ku fakitale kukaona masampulo a tiyi amene anali atandandalikidwa m'makapu oyera pa thebulo lolawira. Pobwerera ndinapeza kapepala pa desiki panga kolembedwa kuti mzungu waimba katatu. Wotchiyo siinalakwitse chilichonse pa zimene ndinaiuza, koma munthu wopanda wotchi yotere akanayamba wafunsa, pamene ine ndinakhulupirira muvi. Pa mfundo imeneyi foni imapambana, chifukwa imasintha yokha tsiku lake likafika, ndipo mafoni ambiri amatha kusonyeza nthawi ziwiri pa sikirini musanaitsegule n'komwe.

Komabe sindinganene kuti muviwo ndi wachabechabe, chifukwa ndaona anthu amene umawathandiza kwambiri. Mayi amene amaitanitsa katundu ku Guangzhou, ku China, amasiyana ndi ogulitsa ake ndi maola 6: kuno ikamakwana 12 koloko masana, kumeneko ndi 6 koloko madzulo ndipo maofesi akutsekedwa, choncho malonda ake onse ayenera kuchitika m'mawa. Makolo amene mwana wawo ali ku New York ali patsogolo ndi maola 7 kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi, ndi maola 6 miyezi inayo, ndipo akaimba foni atangodzuka amapeza mwanayo ali pakati pa usiku. Kusiyana kukafika pamenepo, mutu wotopa umatha kuchotsera pamene umayenera kuphatikiza, n'kusokonezanso tsiku lenilenilo. Kungotembenuza mkono n'kuona muvi uli m'chigawo cha usiku kumaletsa munthu kudzutsa mnzake, ndipo kumachitika mwakachetechete, m'tchalitchi, pamaliro kapena pamsonkhano, pamene kutulutsa foni kungaoneke kupanda ulemu. Wotchi siidikiranso magetsi kuti itchajidwe. Palinso china chimene sindingachiyeze pa sikelo koma ndikuchidziwa: kholo likayang'ana pamkono n'kuona ola la kumene kuli mwana wake, limamuganizira kuti panopa mwina akutuluka ku ntchito, ndipo kwa ena zimenezo zokha n'zokwanira kulipira ndalama yowonjezerayo.

Mukasankha kugula, dziwani kuti mawotchi a mivi inayi ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la munthu woyendayenda: muvi wamba wa maola umadumpha ola limodzilimodzi paokha wotchi isanaime, kotero kuti mukatera ku dziko lina mumausuntha kuti usonyeze nthawi ya kumeneko, muvi wofiira n'kumasungabe nthawi ya kwanu. Rolex inayamba kuchita zimenezi pa GMT-Master II kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mtengo wa wotchi imeneyo ungagule galimoto yabwino. Gulu lachiwiri ndi la munthu wokhala pakhomo: muvi wofiira ndi umene umasuntha paokha, mivi inayo osakhudzidwa. Seiko 5 Sports GMT, imene inatuluka mu 2022, ili m'gulu limeneli. Ambiri olemba za mawotchi amanyoza gulu lachiwirili ngati losakwanira, koma amalemba ngati anthu okwera ndege sabata iliyonse. Kwa inu amene mumakhala ku Luchenza ndipo mukufuna kusuntha nthawi ya ku Manchester kawiri pachaka, lachiwirili ndiye loyenera, ndipo nthawi zambiri n'lotsikirapo mtengo.

Ngati chimene mukufuna ndi ntchito yokha osati maonekedwe, wotchi ya manambala imachita zonsezi pa ndalama yochepa kwambiri. Casio AE-1200 ili ndi nthawi za mizinda yambiri ya padziko lonse, mumangosankha London kapena Hong Kong podina batani, ndipo opanga ake amati batire lake limatha kukhala zaka 10. Imasonyezanso bwino nthawi ya ku India, imene ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, chinthu chimene muvi wodumpha maola athunthu sungachite, ndipo zimenezi n'zofunika kwa mabanja amene wodwala wawo watumizidwa ku chipatala cha kumeneko. Nayonso muyenera kuiuza nokha kuti ku Britain asintha nthawi. Musaisokoneze ndi Casio F-91W, kawotchi kakuda kotchuka kaja, chifukwa kameneko kalibe nthawi yachiwiri.

Za wotchi imene munaiona ku Limbe, musapereke ndalama musanaiyese pamaso pa wogulitsa, popeza m'misika mwathu muli mawotchi ambiri otengera maonekedwe a mawotchi odula koma m'kati mulibe kanthu. Kokani kachitsulo ka m'mbali kosinthira nthawi, ndipo muyendetse mivi mpaka muvi wa maola utazungulira kamodzi kathunthu. Muvi wofiira uyenera kuyenda theka lokha la ulendowo. Ukazungulira mofanana ndi muvi wa maola, kapena ukangokhala chilili, ndiye kuti unaikidwa pofuna kukopa maso. Kenako muuzeni wogulitsayo kuti aike nthawi ya ku London popanda kusokoneza nthawi ya kuno. Akalephera kusuntha muviwo paokha, onani ngati mkombero wa manambala 24 ukutembenuka, chifukwa GMT-Master yoyambirira inkagwira ntchito motero ndipo njirayo ndi yabwinobe. Ngati palibe muvi umene ukusuntha paokha, wofiira kapena wa maola, ndipo mkombero sukutembenuka, wotchiyo ikungokuuzani nthawi ya ku Luchenza kawiri.

Funsaninso ngati ndi ya batire kapena ya makina odziwainda yokha mkono ukamayenda. Wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo amasintha batire mphindi zochepa, koma kagudumu ka m'kati koyendetsa muvi wachinayi kakathyoka mungadikire miyezi kuti kapezeke. Ndiponso kwathu kuno, kumene chiperoni chimanyowetsa munthu mpaka m'mafupa mu Juni ndi Julayi, kulimba kwa wotchi ku chinyezi n'kofunika kuposa muvi uliwonse wowonjezera; ndaona mawotchi okongola galasi lake litachita nkhungu m'kati atangoyenda m'munda wa tiyi m'mawa umodzi.

Ine ndikanakhala inu, ndikanaigula pokhapokha ngati yandisangalatsa m'maso ndipo yapambana mayeso aja, osati chifukwa chakuti popanda iyo ndingalephere kuyankhula ndi mwana wanga. Namwino amagwira mashifiti, sabata ina usiku, sabata ina masana, choncho 2 koloko masana ya ku Manchester ikhoza kumupeza ali m'tulo tofa nato. Mupempheni azikutumizirani pa WhatsApp ndandanda ya mashifiti ake mwezi ndi mwezi, ndipo pa kalendala ya m'sitolo mwanu muzunguliretu Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, kuti m'mawa wa masiku amenewo musunthe muvi wofiira musanapite ku tchalitchi.